Funsani Atsibweni: Chowambira nyama cha munthu woyamba kumene chikule bwanji?

Atsibweni,

Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale kufupi ndi Santhe. Mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg atabwera pa Khirisimasi anatiwambira nthiti za nkhumba mumgolo wovundikira, pamoto wochepa ndi utsi, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Nyama yake inkachita kusiyana yokha ndi fupa. Chiyambire tsiku limenelo mtima wanga suli m'malo. Ndasunga kangachepe, ndipo wowotcherera zitsulo wina pa Kasungu boma wandiuza kuti angandipangire chachikulu cha migolo iwiri, chokhala ndi bokosi la moto pambali ndi chumuni, cholowa mbuzi yathunthu. Akuti ndikatenga chaching'ono ndidzanong'oneza bondo. Pakhomo pano tilipo anthu 6, atatu mwa iwo ndi ana. Komanso mu Ogasiti kuli chinkhoswe cha mchemwali wanga, ndipo abale ayamba kale kunena kuti nyama idzachokera kwa ine. Sindinawambepo chibadwire, ndimangodziwa kuwotcha pa mbaula. Nditenge chachikulu bwanji?

Mphunzitsi, Santhe

Aphunzitsi,

Wowotchererayo sanakunamizeni. Cha migolo iwiri angachipange, ndipo anyamata a pa boma paja luso ali nalo. Koma iye akugulitsa zitsulo ndi thukuta lake, choncho migolo iwiri imamukomera kuposa umodzi. Makala mudzagula ndinu. Langa ndi ili: pangitsani cha mgolo umodzi woimirira, wa malita 200 uja. Nkhani ya chinkhoswe tiyiike kaye pambali, tiyibwerera.

Tiyambe tawerenga pakamwa. Pakakhala nsima, tchipisi ndi saladi, munthu wamkulu amakhuta ndi nyama ya fupa ya magalamu 350 kapena 400 isanapse, mwana theka lake. Kwanuko akulu atatu ndi ana atatu, ndiye kuti makilogalamu awiri akukwanirani, mwinanso n'kutsala yodyera mkute. Zimenezo ndi nkhuku ziwiri zachizungu, kapena mwendo umodzi wa mbuzi ndi nthiti pang'ono. Aphunzitsi anzanu akabwera Loweruka mufike anthu 12, makilogalamu 4 kapena 5. Umu ndi mmene mudzawambire chaka chonse.

Pokambirana ndi wowotcherera, nkhani isakhale ya malita. Chofunika ndi waya woikapo nyama: ndi wotambalala bwanji, ndipo kuchokera pa waya kufika pa chivundikiro pali danga lotani. Mgolo wa malita 200 ndi wautali masentimita pafupifupi 88, pakamwa pake ndi potambalala masentimita 57 kapena 58. Waya wolowa m'menemo amakhala wa masentimita 55 kapena kuposerako pang'ono. Pamenepo nkhuku zitatu zachizungu zimakhala mosapanikizana, zachikuda zinayi. Mwendo wa mbuzi ndi phewa lake zimagona limodzi. Mukauza wowotcherera aike timabawuti tina masentimita 15 m'munsi mwa waya woyambayo, mudzakhala ndi poika waya wachiwiri tsiku la alendo, malo n'kuwirikiza kawiri popanda kukulitsa moto.

Poti ndinu aphunzitsi, masamu simungawathawe. Zowotchera zozungulira zogula m'sitolo zimabwera kwambiri m'milingo ya masentimita 47 ndi 57. Munthu akaona amati kusiyana kwake ndi masentimita 10 okha. Koma werengerani malo a bwalolo: cha 47 chikupatsani masikweya sentimita pafupifupi 1,700, cha 57 pafupifupi 2,550. Ndiye kuti chachiwiricho chikuposa chinzake ndi pafupifupi theka lathunthu. Mgolo womwewo wa 200 mukaucheka cham'litali n'kuugoneka, waya wake amafika cha m'ma 5,000. Cha migolo iwiri chomwe akukunyengererani nacho chija, bwalo lake ndi limenelo kapena kuposa, pamene nyama yanu ya Loweruka ndi nkhuku ziwiri.

Musanapereke dipoziti, bwerekani tepi kwa atelala mupite nayo ku butchala komwe mumagula nyama. Yezani chinthu chachitali kwambiri chimene mukuganiza kuti muzidzawamba. Kwa inu ndi nthiti za nkhumba zija mlamu anakukopani nazo, ndipo chipani chimodzi cha nthiti kawirikawiri chimakhala masentimita 45 mpaka 50. Chikagona pa waya osapinda, m'mbali n'kutsala danga la zala ziwiri, mlingo mwaupeza. Danga limenelo musalinyoze. Utsi umafuna podutsa, ndipo nyama zikagundana, pogundanapo pamakhala potuwa, osapsa bwino.

Tsono chachikulucho chavuta pati? Inu a ku Kasungu simufunika kuuzidwa za bani ya fodya, ija ya moto kunja ndi mipaipi mkati. Mlimi akapachika ndodo zochepa m'bani yaikulu, nkhuni zimapita chimodzimodzi ngati yadzaza, chifukwa moto suwerenga masamba, umatenthetsa chipinda chonse. Ndipo wosonkhezera sagona. Chowambira cha bokosi la moto pambali chimayenda motero. Chitsulo cha mgolo ndi chopyapyala, pafupifupi milimita imodzi, kutentha sikuchedwa kuthawa. Pakapita mphindi 30 kapena 45 muyenera kuponyamo chikuni china, apo ayi moto wagwa. Mbali yoyandikira bokosi imatentha kwambiri kuposa ya ku chumuni, ndiye nyama muyenera kumaisuntha. Mu Juni ndi Julaye, mwera ukamawomba pabwalo lopanda mpanda, mudzaona nokha thumba la makala likuphwa nyama isanafewe. Akatswiri amachikonda chifukwa utsi wa nkhuni zoyaka bwino umakoma, ndipo sindikutsutsa. Koma munthu amene sanawambepo akayambira pamenepo, kawiri katatu nyama ikawawa utsi kapena kuuma, chitsulocho chimakathera kuseri kwa khitchini, nkhuku n'kumaikiramo mazira.

Mgolo woimirira ndi wofatsa. Dengu lachitsulo la makala limakhala pansi, nyama pamwamba, pakati pake mtunda wa masentimita pafupifupi 60. Mumadzaza dengu ndi makala osayatsa, makilogalamu 4 kapena 5, n'kuthira pamwamba pake makala oyaka odzaza m'manja kawiri. Moto umatsika wokha pang'onopang'ono. Mpweya umalowera pa mabowo ang'onoang'ono a m'munsi, ndipo mukatseka limodzi moto umafatsa, mukatsegula umadzuka. Makala akakhala ouma ndi olimba, maola 6 kapena 8 amatha musanawonjezere. Mutha kuchonga makope a Fomu 2 pakhonde, n'kumangodzuka mwa apo ndi apo kukayang'ana.

Musathawirenso kwina n'kutenga kakang'ono kwambiri. Ka mgolo wa malita 60, kapena ka waya wa masentimita 37, nyama imayandikana ndi moto mopitirira, kutentha kumakwera ndi kutsika mwachangu, ndipo nthiti muyenera kuziduladula. Kwa mbeta kapena banja la anthu awiri kangathandize. Kwa anthu 6, ayi.

Wowotcherera mukamuuze izi, ndipo mukhale pomwepo akamaboola. Mabowo atatu m'munsi, lililonse la masentimita awiri, otalikirana mofanana kuzungulira mgolo, lililonse ndi kotsekera kake. Pa chivundikiro mabowo otulukira utsi, ndipo amenewa satsekedwa pophika. Chivundikirocho chikhale chogwira bwino, chifukwa chikamapuma m'mbali moto sumvera mabowo a pansi aja. Waya akhale masentimita 18 kapena 20 kuchokera pa chivundikiro kuti nkhuku yathunthu isagunde pamwamba. Dengu la makala likhale ndi miyendo yaifupi kuti phulusa lizigwera pansi osatsamwitsa moto. Zogwirira zikhale zamtengo. Mawilo, tebulo la pambali, dzina lanu lolembedwa ndi waya pa chivundikiro, zonsezo zidikire.

Ndalama yomwe mwapulumutsa pa mgolo wachiwiri ipite ku choyezera kutentha. Mlamu wanuyo akubweretsereni ziwiri, china chomangirira pa mgolo molingana ndi waya, china chobaya m'nyama. Mumgolo mukufuna madigiri 110 mpaka 135 a Celsius (°C). Nkhuku yapsa pamene mnofu wake wochindikala kwambiri wafika madigiri 74, ndipo pamoto wotere zimatenga maola atatu kapena kuposerako. Nthiti za nkhumba, maola 5 kapena 6. Phewa la mbuzi kapena la nkhumba limapsa msanga ndithu, koma kufewa kuja kosiyana ndi fupa kumabwera likafika madigiri 90 mpaka 95, pamene mitsempha yasungunuka. Chivundikiro musamangochitsegula kuti muone. Pa mgolo woimirira, mukatsegula mpweya umathamangira ku makala ndipo moto umalusa. Pogula nkhumba yang'anitsitsani mnofu: ya masese ija, yokhala ndi timibulu toyera, isiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo, chifukwa ndiyo imafalitsa njoka za m'mimba.

Tibwere ku chinkhoswe. Kwathu kuno chinkhoswe cha anthu osakwana 100 n'chosowa, ndipo anthu 100 ndi nyama ya makilogalamu 35 kapena 40. Mbuzi yathu yachikuda ikasendedwa kawirikawiri siipitirira makilogalamu 15. Choncho ngakhale cha migolo iwiri cholowa mbuzi yathunthucho sichingadyetse khamulo. Mungagone panja usiku wonse mukusonkhezera, m'mawa maso ali psuu, komabe theka la anthu n'kupita likudandaula. Nyama ya khamu asiyireni amayi ophika ndi mapoto awo aakulu, amadziwa kuigawa kuti aliyense alawe. Mukafuna yowotcha, lembani ganyu anyamata a kanyenya abwere ndi theka la mgolo lawo, tsiku limodzi, muwalipire, apite nalo. Inu gawo lanu likhale nkhuku ija ankhoswe amagawana pamaso pa anthu, ndi mbale ya apongozi. Nkhuku zitatu ndi phewa la mbuzi, zophikidwa mosathamanga. Abale akamati nyama ichokera kwa inu, ayankheni kuti inde, ya kutebulo la akuluakulu.

Kuyambira pano mpaka Ogasiti yambani ndi nkhuku, imodzi imodzi. Ndi yotchipa kuposa nthiti, siitenga tsiku lonse, ndipo ikalakwika ana amadyabe.

*

Atsibweni,

Amuna anga apeza mgolo wotchipa kwa munthu wina amene ankagwira ntchito pa esiteti ya fodya. Ulibe chizindikiro chilichonse, koma mkati mukumveka kafungo. Iwo akuti tikautsuka ndi sopo n'kuuwotcha ndi moto waukulu zonse zitha. Ine mtima ukukana. Ndani akulondola?

Mayi wa ku Chinkhoma

Mayi,

Mtima wanuwo umvereni. M'maesiteti migolo imasunga dizilo, oyilo ndi mankhwala ophera tizilombo, ndipo mgolo wopanda chizindikiro, wogulitsa yekha ndiye akudziwa chimene munali, mwinanso naye sakudziwa. Mankhwala ena amalowerera m'mipiringidzo ya chitsulo momwe sopo safika. Pouwotcha, utsi woyambawo mudzaupuma ndinu ndi ana anu. Palinso ngozi ina imene abambowo sanaiganizire: mgolo womwe munali petulo kapena dizilo umasunga mpweya woyaka ngakhale ukuoneka wouma, ndipo chochekera zitsulo chikangothetheka umatha kuphulika. Owotcherera odziwa ntchito amaudzaza madzi asanaucheke pa chifukwa chimenechi.

Funani mgolo womwe munali chakudya, monga mafuta ophikira kapena madzi a zipatso, wokhala ndi chizindikiro chake chowerengeka. Nawonso uwotchedwe kaye ndi nkhuni zambiri, panja, kutali ndi nyumba, mpaka penti yense wa kunja ndi utoto wa mkati zitapserera. Ukazizira upalidwe ndi bulashi yawaya mpaka chitsulo chioneke, utsukidwe, uumitsidwe, kenako mkati mupakidwe mafuta ophikira n'kuyatsamo moto wochepa maola awiri wopanda nyama. Mkati musalowe penti wamtundu uliwonse.

Poti tili pomwepa, waya woikapo nyama asakhale wa mpanda kapena wa khola la nkhuku, komanso lata la denga lisakhale pafupi ndi moto. Zitsulo zonyezimira zimenezi zimakutidwa ndi zinki, ndipo zinki ikatentha kwambiri imatulutsa utsi wodwalitsa. Mashelefu a mufiriji yakufa, amene anthu ambiri amawakonda, nawo ambiri ndi okutidwa ndi pulasitiki kapena zinthu zina zosayenera moto. Wowotcherera akupangireni wa tizitsulo wamba tozungulira, muzitipaka mafuta mukamaliza kuphika kuti tisachite dzimbiri.

Mgolo wa ku esitetiwo musasungiremonso madzi akumwa kapena chimanga.

*

Atsibweni,

Ndimachita lendi nyumba ya zipinda ziwiri ku Nkhamenya, ndili ndi mkazi ndi khanda. Kuseri kulibe malo, kakhonde kokha. Ndinaona chowotchera chozungulira chamiyendo itatu m'sitolo ina ku Lilongwe. Kodi chimenechi chingawambe ndi utsi, kapena ndi chowotchera basi? Nanga mvula ikamagwa ndingachilowetse m'khitchini?

Wa lendi, Nkhamenya

Achimwene,

Chingawambe bwino lomwe, ndipo kwa anthu awiri cha masentimita 47 chakwana. Makala muwaunjike mbali imodzi, nyama mbali inayo, pansi pa nyama kambale ka madzi, bowo la chivundikiro likhale pamwamba pa nyama kuti utsi uziidutsa potuluka. Dziwani kuti mukatero theka la waya lapita, kotsalako ndi ka nkhuku imodzi yaikulu kapena ziwiri zazing'ono. Ngati mumalandira alendo pafupipafupi ndipo thumba likulola, tengani cha 57. Ubwino wake, chomwecho mudzawotcherapo chambo kapena chimanga pamoto wachindunji tsiku lomwe mulibe maola 5 odikira.

Ngati mtengo wa m'sitolo wakuopsani, jambulani chithunzi mukaonetse wowotcherera. Choyamba cha mtundu umenewu, cha kampani ya Weber, anachipanga George Stephen ku Chicago mu 1952 pocheka pakati chitsulo chobulungira chija chimayandama panyanja kulozera sitima njira. Chinabadwira m'shedi ya zitsulo, ndiye musachione ngati chinthu choti kuno sichingapangike. Chovuta kwa anyamata athu ndi chivundikiro chogwira bwino, pamenepo ndi pofunika kuumirira.

Za m'khitchini, ayi, ngakhale mutatsegula zenera. Makala oyaka pang'onopang'ono ndi amene amatulutsa kwambiri mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide. Ulibe fungo, suoneka, ndipo khanda ndi limene limayamba kugonja. Nyengo yozizira iliyonse timamva za anthu amene anagona ndi mbaula m'nyumba osadzukanso. Pakhonde lotseguka mbali ziwiri kapena zitatu, kutali ndi chitseko ndi zenera la kuchipinda, n'zotheka, bola denga lisakhale laudzu. Eni nyumba ndi oyandikana nawo muwauziretu, poti utsi wa maola 5 pa zovala zoyanika wadanitsapo anthu.

*

Atsibweni,

Ndinayesa kuwamba nkhuku ndi nkhuni za bulugamu. Inada bii ndipo inkawawa ngati mankhwala. Ndinalakwitsa chiyani?

Wophunzira, Chamama

Mphwanga,

Zinthu ziwiri, mtengo ndi kuchuluka kwake. Bulugamu ali ndi mafuta afungo lamphamvu, paini ali ndi utomoni, ndipo onsewa pa nyama sakoma. Nkhadze usayerekeze n'komwe, ndi yapoizoni. Matabwa openta, zidutswa za mipando ndi mapolo onyikidwa m'mankhwala a chiswe, zonsezi zisayandikire chakudya. Funa nthambi za mango, gwafa kapena pichesi zimene zinadulidwa miyezi ingapo yapitayo ndipo zauma mpaka mkati. Zitsononkho zouma nazo zimapereka utsi wabwino pa nkhuku ndi nsomba, ndipo pambuyo pokolola zili mbwee pakhomo paliponse.

Kutentha kuchokere ku makala. Mtengo ndi wongokometsa, zidutswa zitatu kapena zinayi zazikulu ngati chibakera, zokwiriridwa m'makalamo motalikirana. Utsi woyera wochindikala umene umatuluka poyamba ndiwo unadetsa nkhuku yakoyo. Dikira mphindi 20 kapena 30 mpaka upyapyale, uzioneka mobiriwira pang'ono, ndiye uike nyama. Mabowo a pa chivundikiro akhale otsegula nthawi yonse, chifukwa utsi wotsekeredwa umasiya mwaye pakhungu la nkhuku. Poyatsa usathire parafini kapena kuyatsira jumbo. Pepala ndi tinkhuni tating'ono zikwana.

Makala ako uziwagula kwa amene ali ndi chiphaso. Lamulo la nkhalango la 1997, lomwe linakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kuwotcha ndi kugulitsa makala popanda chilolezo, ndipo amene timadutsa pafupi ndi nkhalango ya Chimaliro tikuona mmene mitengo yachilengedwe ikucheperachepera. Makala oumba aja, opangidwa kuchokera ku fumbi la makala kapena zotsalira za m'munda, amayaka mofatsa ndi mofanana, ndipo pa kuwamba ndi zimene ukufuna. Phulusa lawo ndi lambiri, choncho pakati pa kuphika ugwedeze dengu kamodzi kuti ligwe.